Kugula Nyumba kwa Mkamwini Mnzanga

Ndinapuma pantchito kuchipatala cha mishoni nditachapa mashiti a odwala kwa zaka zambiri, moti mpaka lero manja anga akanyowa amanunkha sopo. Ntchito yanga inali kuchapa ndi kusita, ndipo pa kusita pokha sindidzichepetsa ayi, ndinali katswiri. Thalauza yanga inkakhala ndi mzere woti ntchentche ikaterapo ithyoke mwendo. China chimene ndinkanyadira ndi siginecha yanga, yokhala ndi mchira wopotana kawiri, imene ndinaiphunzira posayinira malipiro mwezi ndi mwezi. Ndayamba ndi zimenezi kuti mudziwe kuti amene anapusa m'nkhani ino sanali munthu wamba, anali munthu wodzimva.

Ndalama za penshoni zitalowa kubanki, akazi anga anali atazigawa kale m'mutu mwawo. Ankafuna malata a khitchini, mbuzi ziwiri, feteleza, ndi njinga ya mdzukulu wathu. Ine ndinkangoti eya, eya, zoona mayi, koma mumtima ndinali nditagula kale nyumba.

Ine ndine mkamwini. Ndinapita kwa akazi anga ku Mpama ndili mnyamata wopanda ndevu, ndinamanga nyumba ya malata, ndinabzala mango, ndinabereka ana asanu, ndipo imvi zandimerera pomwepo. Azilamu anga ndi anthu abwino, sanandinyozepo. Koma dothi limene nyumbayo yakhalapo si langa, ndi la akazi anga ndi azichemwali awo, ndipo zimenezi ngakhale nkhuku za pakhomopo zimadziwa.

Abambo anga anali kalipentala, nawonso mkamwini, ku Mbulumbuzi. Amayi atamwalira, kumeta kutatha, linafika tsiku lowasudzula. Palibe amene anawatukwana. Amalume anaimirira n'kuthokoza mwaulemu kuti munatisungira mlongo wathu bwino, tsopano ndinu omasuka, mukhoza kubwerera kwanu. Abambo anapita pakhomo pa nyumba imene anamanga okha, anamasula chitseko cha mlombwa chimene anapala ndi manja awo, anachimanga panjinga ndi mphira, n'kuyamba kukankha. Panjira anapumira kwathu ku Mpama. Akazi anga, amene nthawi imeneyo anali oyembekezera mwana wathu woyamba, anawapatsa madzi ndi mbatata yowotcha, njinga ili chotsamira mtengo ndi chitseko chake. Kwawo kumene abambowo ankapitako anachokako kalekale, ndipo adzukulu ena sankawadziwa n'komwe. Anawapatsa kanyumba kakang'ono moti chitsekocho sichinakwane pakhomo pake, chinangokhala chotsamira khoma mpaka iwo anamwalira.

Nkhani imeneyi sindinaikambepo ndi munthu, ngakhale akazi anga. Koma inkandiopsa, ndinene zoona. Ndinkafuna malo anga, olembedwa dzina langa, oti tsiku likadzafika ndisadzakankhe njinga.

Ndiye tsiku lina ndili pa Njuli, pamene amaimapo a kabaza, ndinangotulutsa mawu kwa mnzanga wina kuti kodi nyumba zogulitsa zimapezeka kuno. Dzuwa lisanapendeke anandipeza bambo wina wovala jekete kunja kukutentha, mafoni awiri m'manja. Anali dobadoba, aja amakhala pakati pa wogula ndi wogulitsa n'kumadya uku ndi uku. Ananditchula kuti abwana, ndipo ine amene moyo wanga wonse ndinkatchula ena ubwana, mawuwo anandikomera.

Nyumba imene anandionetsa inali kuseri kwa masitolo, pafupi ndi mjigo. Zipinda zitatu, njerwa zowotcha, simenti pansi, khonde loyang'ana kuphiri, ndi mtengo waukulu wa mapeyala pambali. Wogulitsa anali bambo wa bizinesi ya nsomba zouma, munthu wansangala, woseka ndi mimba yomwe. Anati akusamukira ku Limbe kumene malonda amayenda. Anamenya khoma ndi chikhatho n'kunena kuti njerwa iliyonse anaumba yekha, ndipo pamenepo sananame.

Mafunso ndinafunsa, musaganize kuti ndinangogwera. Ndinafunsa za chiswe. Ndinakwera pampando kusuzumira malata ngati ali ndi mabowo. Ndinaponya mwala m'chimbudzi kuti ndimve kuya kwake. Ndinafunsa ngati anthu oyandikana nawo amamwa kachasu n'kumasokosa. Ndinapitako katatu, ndipo katatu konse mayi wa pakhomopo kunalibe: koyamba anali kumunda, kachiwiri kumaliro, kachitatu kusikelo ndi mwana. Ine n'kumati mayi wolimbikira bwanji ameneyu.

Kunyumba ndinkanama kuti ndikupita kukaona mnzanga wodwala, tsiku lina kuti a kulimana kwathu, kumene timapemphera pakati pa sabata, andituma. Akazi anga ankangoyang'ana thalauza yositayo n'kunena kuti odwala a masiku ano ali ndi mwayi, amayenderedwa ndi anthu otchena.

Pepala tinalembera mu tiyirumu, pa tsamba long'amba m'kope la sukulu. Dobadoba ndiye analemba, iye yemweyo n'kukhalanso mboni. Ine wakuti ndagulitsa nyumba yanga kwa wakuti. Ndinapereka theka la mtengo, theka linalo tinagwirizana kuti ndidzapereka amfumu akadinda. Ndinasayina ndi mchira wanga wopotana uja, mpaka mtsikana wogulitsa tiyi anasuzumira. Dobadoba anatenga yake ya m'manja n'kunena kuti chidindo cha amfumu ndi nkhani ya faifi minitsi.

M'mawa mwake tinapita kwa amfumu a mudziwo. Titangofika pachipata, foni imodzi ya dobadoba inalira, kapena iye ndiye anaganiza kuti yalira. Anati abwana lowani ndikupezani, ndipo mpaka lero akundipezabe.

Amfumuwo anali mayi wachikulire, wonenepa bwino, atakhala pamkeka akusenda nandolo wamuwisi. Anandilandira ngati mlamu wawo, anandipatsa mpando, anapukuta manja pachitenje, n'kuvala magalasi. Pepalalo analiwerenga kawiri. Kenako ndinaona mapewa awo akugwedezeka, ndipo ndinazindikira kuti akuseka.

"Bambo, inu munakwatira kuti?"

"Ku Mpama, amfumu."

"Nyumba munamanga kumeneko?"

"Ndinamanga, ya malata."

"Mungaigulitse mawa?"

Ndinapukusa mutu.

"Nanga mnzanuyu wakugulitsani chiyani?"

Abale inu, manyazi amene ndinamva tsiku limenelo sindinawamvepo. Ine mkamwini wa imvi, wodziwa mwambo wonse, woopa mwambo womwewo usana ndi usiku, kukagula nyumba kwa mkamwini mnzanga. Amfumu anafotokoza akupitiriza kusenda nandolo wawo. Anati njerwa ndi malata ndi za bamboyo, palibe angakane, koma malowo ndi a mkazi wake ndi azichemwali ake awiri, ndipo mwinimbumba wawo, malume wawo, amakhala ku Mbulumbuzi. Popanda anthu anayi amenewa kubwera okha ndi kuvomera pamaso pa mudzi, chidindo sichituluka m'chikwama. Anawonjeza kuti ngati ndili pachangu ndikhoza kubwereka ngolo n'kunyamula nyumba yangayo kupita nayo ku Mpama, dothi lokha ndilisiye. Potsanzikana anandipatsa nandolo m'kajumbo kuti ndikapatse mayi akunyumba, n'kunena kuti safunsa anadya phula.

Ndinapita kwa wansomba uja nditakwiya kwambiri, ndikukonza mawu oti ndikamuthire. Ndinamupeza kumsika atakhala pakati pa madengu. Ndinamuuza kuti andibwezere ndalama zanga pompo. Anandilozera madenguwo. Ndalama zanga zinali zitasanduka usipa, ndipo usipawo unkandiyang'ana.

Ndinamutchula wakuba anthu akumva. Iye sanabweze. Anandikokera kuseri kwa shedi n'kulankhula motsitsa.

"Achimwene, inunso mukudziwa. Ndamanga pamalo a eni ake zaka zonsezi. Ndimafuna ndikapeze panga ku Limbe, ngakhale kachipinda kamodzi. Mayi ndimati ndiwauza zikatheka."

Ukali wanga unathera pomwepo, chifukwa mawu amenewo anali anga, kungoti anatuluka m'kamwa mwa wina. Tinakhala pamenepo akamwini awiri, aliyense atabisira mkazi wake, fungo la nsomba lili gu. Ndinamuuzabe kuti ndi chitsiru, iye n'kuvomera.

Kubwerera ku Mpama sindinakwere kabaza. Ndinayenda wapansi kuti njira italike. Akazi anga ndinawapeza akupeta chimanga kuseri kwa nyumba. Ndinawapatsa kajumbo ka nandolo kaja, kenako ndinakhala pa mtondo wogona n'kufotokoza zonse, kuyambira pa jekete la dobadoba mpaka pa usipa. Ndinkayembekeza kuti akalipa mpaka azichemwali awo atuluke m'nyumba. Sanakalipe, ndipo zimenezo zinandiopsa kuposa kukalipa. Anaika lichero pansi n'kupempha pepalalo. Iwo kuwerenga amawerenga pang'onopang'ono, chala chikutsata mawu. Atamaliza anandibwezera n'kunena kuti siginecha yokha ndiye yakongola.

Sanandifunse chifukwa chimene ndinafunira nyumba ina pamene tili nayo kale. Ine ndinaona ngati ndapulumuka pamenepo.

Kutacha anavala chitenje chawo cha amayi a kutchalitchi, anagwira nkhuku yathadzi, n'kuitana kabaza. Nditati nditsagane nawo, anandiuza kuti ine ndachita kale mbali yanga, tsopano ndiyang'anire mbuzi za achemwali awo zisalowe m'dimba. Ndinakhaladi ndi mbuzi, thalauza yosasita.

Ku Njuli anapitako kangapo, ndipo nkhani zake ndinkazimva madzulo, pang'onopang'ono, monga mmene iwo afunira. Mkazi wa wansomba sankadziwa chilichonse. Atamva analira, kenako anakwiya, n'kumutulutsira mwamuna wake mkeka, moti anagona kumsika ndi madengu ake sabata yathunthu. Koma akazi anga atakhala naye pansi, zinapezeka kuti mayiyo nayenso ku Limbe ankakufuna, kaamba ka sukulu ya ana, ndipo chinamuwawa si kugulitsa koma kumudumpha. Mchemwali wake wamng'ono anati zilizonse akulu anganene. Wamkulu ndiye anakanitsitsa. Anati mtengo wa mapeyala uja anabzala ndi malemu amayi awo, ndipo sangaone mlendo akudya mapeyala a amayi ake iye akudutsa panjira ngati wopempha.

Ine nditamva ndinati basi, zathera pa mtengo. Akazi anga anandiyang'ana n'kufunsa ngati ndimafuna nyumba kapena mapeyala. Anabwerera n'kukamuuza mchemwali wamkuluyo kuti mtengowo azithyola nthawi iliyonse, osapempha, mpaka tsiku limene Mulungu adzamutenge, ndipo zimenezi zilembedwe papepala. Mayiyo anafewa. Kenako onse anayi, akazi okhaokha, anakwera kabaza kupita ku Mbulumbuzi kwa malume uja. Mkuluyo anati minda ya mbumba ilipo ina, kapuloti ka pa Njuli akhoza kukasiya, koma theka la ndalama lotsalalo liperekedwe m'manja mwa mwana wa mlongo wake, osati m'manja mwa mkamwini wa usipa.

Tsiku loyenda malire linali Loweruka m'mawa. Ndinasita thalauza ngati ndikupita ku ukwati. Kunabwera amfumu ndi mlembi wawo, malume uja ndi ndodo yake, azichemwali atatu, wansomba ataima patali pang'ono ngati mwana wolakwa, ndi onse oyandikana ndi malowo, chifukwa malire sayendedwa mwini wa mbali inayo palibe. Tinayambira pamsewu, kutsika mpaka pa chulu, kukhota kudutsa kuseri kwa chimbudzi, kukafika pa mtengo wa mapeyala, n'kubwerera pamsewu. Pa ngodya iliyonse ankakumba n'kubzala nkhadze. Bambo wina woyandikana naye anakangana nafe pa phazi limodzi lokha, akuti khola lake la nkhumba linkafika apa kale. Amfumu anamufunsa kuti nkhumbazo zili kuti tizifunse, iye n'kunena kuti zinafa ndi chigodola. Anthu anaseka, ndipo phazi lija tinamusiyira.

Kenako tinakhala pansi pa mtengo uja. Mlembi anatulutsa mapepala atatu oyera ndi kabokosi ka inki, ndipo pepala langa la mu tiyirumu amfumu analing'amba anthu akuona. Analemba malire monga tinayendera, analemba za mapeyala, analemba maina a ogulitsa, ndipo aliyense anadinda chala chake: malume, azichemwali atatu, pomaliza wansomba ngati mwini njerwa. Ndalama zotsala akazi anga anazipereka m'manja mwa mkazi wa wansomba. Mlembi anadzutsa mutu n'kufunsa dzina la wogula.

Ndinakonza kukhosi, koma mchemwali wamkulu uja anandiyambirira.

"Lembani la mayiwa. Ife takambirana ndi mayiwa. Malo timasiyirana akazi. Mwamuna mawa akwatira kwina, n'kutibweretsera mlendo pansi pa mtengo wa amayi."

Anthu onse anavomereza. Malume anagwedeza mutu, amfumu anati n'zomveka, ndipo mlembi anali atatsitsa kale cholembera. Ine ndikanati chiyani? Amene anayenda maulendo onsewo ndi akazi anga, amene anakonza zimene ndinaononga ndi iwo. Ndinaona kuti ndagula nyumba yachiwiri yoti ndikhalemonso mkamwini. Ndinangoyang'ana nsapato zanga.

"Dikirani, alembi."

Anali akazi anga. Sanakweze mawu, ndipo sanandiyang'ane.

"Ine kwathu ndili nako, ana anga aakazi ali nako. Amene alibe ndi bambowa. Ndinawaona apongozi anga atamanga chitseko panjinga, ndine ndinawapatsa madzi. Awa sadzakankha chitseko. Lembani dzina lawo."

Zaka zonsezo ine ndinkati ndabisa, osadziwa kuti munthu amene ndimagona naye nyumba imodzi ankadziwa kuyambira tsiku la mbatata yowotcha lija. Mchemwali wamkulu anayang'ana akazi anga nthawi yaitali, kenako anati ngati mayiwa atero, iye ndani, bola mapeyala alembedwa.

Mlembi analemba dzina langa n'kundipatsa cholembera kuti ndisayine. Koma m'maso munali mutadzaza misozi, mzere wosayinapo sindinkauona, moti mchira wopotana uja sukanatheka. Amfumu anandikankhira kabokosi ka inki. Ine mwini siginecha ndinadinda chala ngati wina aliyense, ndipo popukuta ndinadetsa thalauza.

Panjira yobwerera akazi anga anandikalipira tsopano, ukali wonse umene anasunga, kuyambira pa Njuli mpaka pa Mpama, iwo pa kabaza wawo ine pa wanga, anyamata opalasa akungoseka. Anandikumbutsa za odwala amene ndinkakawaona, za malata a khitchini, za mbuzi ziwiri zimene zinasanduka usipa. Ndinavomera zonse.

Ntchito sinathere pamtengo paja. Pepala linapita kwa mfumu yaikulu kukadindidwanso, kenako ku ofesi ya zamalo ku Boma, kumene funso lawo loyamba linali lomwe lija la amfumu, ngati eni mbumba anavomera. Kunali mafomu, zithunzi, ndi kudikira pabenchi. Patapita miyezi kunabwera anthu oyeza malo ndi zida zawo, n'kukwirira timiyala ta simenti pambali penipeni pa nkhadze zathu. Maulendo onsewo tinkayenda awiri, mapepala ali m'chikwama cha akazi anga, chifukwa anati ine ndi mapepala tisamasiyidwe tokha.

Kusamuka sitinasamuke. Iwo anati sangasiye minda yawo n'kukakhala pa phokoso la pa Njuli, ndiye tinaikamo mphunzitsi wina wa lendi. Ine Loweruka lililonse ndinkapita kukazula udzu ndi kuona ngati nkhadze zagwira, ndipo pobwera akazi anga ankandilonjera kuti mwayenda bwanji alandilodi.

Akazi anga anamwalira chaka chatha, nthawi yokolola nandolo, atangodwala masabata awiri. Kumeta kutatha, alamu anga aakulu anaimirira n'kulankhula mawu omwe aja amene ndinawamva ndili mnyamata ku Mbulumbuzi, kuti munatisungira mlongo wathu bwino, tsopano ndinu omasuka. Analankhula akulira, ndipo anawonjeza kuti ngati ndikufuna kukhala, palibe andithamangitse. Ndinawathokoza. Mphunzitsi uja anali atasamutsidwa kale kupita kusukulu ina, nyumba inali yopanda munthu.

Ndinalongeza zovala m'chikwama chimodzi, pamwamba ndinaika simbi yanga yositira ndi mapepala aja. Mwana wanga wamkazi woyamba, amene tsopano ndiye mwini nyumba ya pa Mpama, anandifunsa ngati palibe china chimene ndikufuna kuchotsa m'nyumbamo, poti ndinamanga ndine. Ndinayang'ana chitseko. Ndinamuuza kuti mahinjesi ake akufuna mafuta, azikumbukira kuthira.

Kabaza anandisiya pamsewu, pa nkhadze yoyamba, imene tsopano yandipitirira msinkhu. Mchemwali wamkulu uja ndinamupeza pansi pa mtengo ndi nsungwi yake akuthyola mapeyala. Anandipepesa maliro, n'kusankha awiri akuluakulu kundipatsa, akuti limodzi langa, linalo la mayi aja. Ndinawalandira onse awiri, ndinatulutsa kiyi m'thumba, n'kutsekula.